Mutu Wanga Wokana

Lamulungu, 2 Malichi
Mwana wanga wabwera ndi chibwenzi chake. Mtsikana waulemu, amagwira kubanki. Ndamukonda. Koma mutu wangawu, umene unayamba kugwedezeka wokha chaka chatha, unali pa ntchito yake. Mnyamata akuti anagula puloti, mutu ayi. Akuti mowa anasiya kalekale, mutu ayi. Akuti kwa iye mkazi ndi yemweyu basi, mutu ayi, ayi, ayi. Mtsikana tiyi sanamalize.

Lachitatu, 5 Malichi
Kuchipatala. Dokotala wachinyamata, maso pa kompyuta. "Ndi kunjenjemera kwa ukalamba, mayi." Ukalamba! Imvi zanga ziwiri zokhazi? Wafunsanso ngati kumachepa ndikalawako mowa. Ine, mlembi wa kwaya. Mapiritsi, m'mawa ndi madzulo.

Lolemba, 24 Malichi
Mapiritsi phindu lake chizungulire. Mankhwala ndatulukira ndekha: chala chikangokhudza tsaya, mutu umaima. Tsoka lake, aliyense wolowa m'sitolo kudzagula nsalu amayamba wafunsa kuti wamwalira ndani. Mnzanga wa pakauntala wandichotsa dzanja kawiri, akuti ndikuitana maliro. Ndiye ndisankhe, kukana kapena kulira.

Loweruka, 12 Epulo
Abweranso awiriwo. Ndinakhala chigwirire tsaya mpaka kutsanzikana. Atamuperekeza, mnyamata wandikalipira: "Amayi, mukundithawitsira mkazi." Ndati amuuze kuti ndi matenda. Akuti zoterozo sauza mkazi usanamukwatire. Zandipweteka kwambiri. Ndakalirira kubafa, mpopi nditatsegula.

Lachinayi, 8 Meyi
Dokotala wina, wa za mitsempha, mayi wamkulu. Kompyuta sanaiyang'ane, anayang'ana dzanja langa lili patsaya. "Chotsani. Bwezerani. Chotsaninso." Kutembenukira kumanzere, mutu phee. Kumanja, gule. Wagwira khosi, wapeza mnofu wouma ngati chingwe choyanikira. Akuti si kunjenjemera wamba, ndi disitoniya: minofu ikukokera mutu mbali imodzi, ine ndikuubweza, ndiye mkanganowo. Kunjenjemera wamba sikumvera chala. Mankhwala ake jakisoni wa m'khosi. Miyezi iwiri ndakhala ndikumwa mapiritsi a matenda a eni.

Lachisanu, 23 Meyi
Jakisoni wagwira. Ndadziyang'ana pagalasi mpaka kuchedwa kuntchito. Mnyamata sakudya, mtsikana sakumuyankha foni. Ndinaononga ndine, ndikakonza ndine.

Lolemba, 26 Meyi
Kubanki. Ndinaima pamzere ngati wodzatapa ndalama, khosi chilili, mawu onse nditakonza. Ndisanayambe n'komwe, mtsikana wandigwira dzanja pakazenera. "Amayi, Mulungu akudalitseni. Munandichenjeza osatsegula pakamwa." Akuti atandiona ndikukana, kenako nditagwira tsaya, anakafufuza. Puloti kulibe. Mowa ulipo. Mkazi winanso alipo, ndi khanda loti layamba kukwawa.

Ndili ndi mdzukulu. Ndamvera pamzere wa kubanki.

Za disitoniya sindinatchule. Ndinangoti zikomo mwanangu, ndi kupatsa mpata wapambuyo panga.

Mnyamata ali pabalaza, wandiphikira ndi tiyi, akudikira kumva mmene ndamuyendera. Wagogoda kuchipinda kwanga kawiri. Ndikuvala nsapato. Andiperekeze kumene kuli khandalo, zinazo tikakamba pobwerera.