Mamolo a a Chirwa

Rumphi,
19 Malichi 1989

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi onse ku Dedzako. Kalatayi ndapatsira a Laws, dalaivala wa lole ya fodya, chifukwa nkhani zina siziyenda bwino pa positi. Mukawerenga musaisiye poyera.

Lamulo lija munalimva pa wailesi, loti mphunzitsi aliyense akagwire ntchito kuchigawo cha kwawo, landipeza. Linandipeza ndili mulabotale ndi ana a Fomu 4. Tinkadontheza asidi m'botolo pang'onopang'ono, kudikira kuti madzi ofiirawo ayere, ana onse maso ali pamenepo. Ahedi analowa osagogoda, nkundinong'oneza kuti dzina langa labwera, ndinyamuke mwezi ukatha. Ndinaiwala kutseka kampopi, asidi anathirikira yense. Dinah, mtsikana wa ku Mlowe amene amandiposa ine pamasamu, anati, "Madamu, mwapitirira." Ndinangoti, "Eya, tiyambirenso."

Mayeso a boma ayandikira, Amayi, ndipo mutu wa mamolo tangouyamba kumene. Inu mungaumve chonchi: mchere uli ndi tinthu ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, ndiye poti sitingatiwerenge, timatiyeza pa sikelo monga muyezera chimanga m'ndowa, ndipo muyezo wakewo ndiwo molo. Mwana wosadziwa zimenezi sayansi sangakhoze.

Wolowa m'malo mwanga anafika kale. Ndi a Manasseh Chirwa, bambo a imvi, amene aphunzitsa za Baibulo ku Mulanje kuyambira ine ndili pamsana panu. Akazi awo ndi a komweko, anatsala. Sayansi sanaiphunzitsepo, koma ahedi akuti palibenso wina. Tsiku loyamba anandipeza pakhonde, chipewa chili m'manja.

"Mwana wanga, mundilole ndizikhala kumbuyo kwa kalasi yanu. Ndisadzanamize ana a eni."

Ndiye m'mawa uliwonse amadzipanikiza pa desiki ya ana, mawondo atagunda thabwa. Lachinayi ndinalemba pa bolodi: magalamu 117 a mchere, pamene molo imodzi imalemera 58.5, ndi mamolo angati? Anadzuka okha, natenga choko. M'malo mogawa anachulukitsa, yankho nkudzaza bolodi. Ndinaopa kuti ana aseka. Palibe anaseka. Dinah anaimirira nkunena chapansipansi m'Chitumbuka, "Adada, gawani waka." Anafufuta ndi chikhatho, nagawa, napeza ziwiri. Anatembenuka nkuwauza anawo, "Yewo chomene. Mundipirire, tidzafika." Ine ndinatuluka ngati ndikukatenga choko china, ndinakalirira kuseri kwa thanki.

Tsono nkhani imene yandilembetsa ndi iyi. Amuna anga, bambo a Isabella, sangabwere nane. Iwo ndi a konkuno ku Henga, ndipo lamulo lomwelo likuwakhazika kuno. Ahedi akuti ngati ndifuna banja ndisiye ntchito, koma anawonjezera kuti wosiya ntchito nthawi ino amafunsidwa chifukwa chake, ndipo ofunsawo si a maphunziro. Mwandimva.

Loweruka tinapita kumudzi kukawauza apongozi. Anandilandira bwino monga mwa masiku onse, koma madzulo apongozi aamuna anati, "Mkamwana, inu pitani, boma ndi boma. Koma Isabella ndi wa kwa Msiska, ng'ombe za malowolo zinapita. Akhala ndi ife." Ndinayang'ana bambo ake kuti alankhule. Anangoyang'ana pansi. Pobwerera anayendetsa njinga mpaka pa mlatho, pomwe anaima nati, "Lena, ndikakana, ndikhala ndatsala ndi ndani?" Sindikuwada, Amayi. Akuonda ndikuwaona.

Pali chinanso chimene apongozi sakudziwa. Ndili ndi pakati, miyezi itatu. Bambo ake okha ndiwo akudziwa, ndipo tagwirizana kuti tikhale chete mpaka nditafika kwanuko.

Ndikupempheni mundikonzere kachipinda kaja kosungiramo mbatata. Muwauze amalume a Hezron adzandichingamire pa siteji Loweruka loyamba la Epulo. Katundu ndi wochepa, mabuku anga onse a kemisitiri ndikuwasiyira a Chirwa. Masiku otsalawa ndikuphunzitsa mpaka dzuwa kulowa, ngakhale Lamulungu tikachoka ku tchalitchi, kuti mwina tifike pa mutu wa magasi ndisanachoke.

Mundiperekere moni kwa achemwali a Anne ndi ana. A Chirwa akuti ndikupatseni moni ngakhale simukuwadziwa. Isabella ali bwino, dzino lakutsogolo lachoka, ndipo akuyesa kuti tonse tikubwera kudzaona agogo. Sindinamuuze. Mundipempherere ndipeze mawu ake.

Ndawafunsa bambo ake ngati ali ndi mawu oti ndikulembereni. Ati, "Uwauze amama kuti anthu akamafunsa pachitsime, anene kuti sindinakuthamangitse."

Ndine mwana wanu,
Lena