Jekete la ku Beech Grove

Amayi, kodi muli bwanji kumeneko? Ife kuno ku South Bend tilipo, kungoti chisanu chayamba msanga chaka chino. Mpongozi wanu Tadala anachira mu Ogasiti, mwana wamkazi, ndipo tamutcha dzina lanu. Chimanga chimene ndinadzala kuseri kwa nyumba anatha agologolo, tangopulumutsako nkhwani basi.

Pali nkhani ina imene mukanandikalipira nayo. Ndinayamba kutolera majekete akale achikopa, aja ankavala asilikali okwera njinga zamoto nthawi ya nkhondo. Njinga ndilibe, Amayi, musade nkhawa. Ndimangowagula, kuwapaka mafuta, n'kumavala popita ku shifiti kuchipatala. Tadala amati ndikudzaza nyumba ndi kaunjika wa anthu akufa, ndipo sakunama.

Inu munkati chovala cha malemu sagula, amachita kukupatsa abale ake atachichapa kaye. Koma tsiku limene ankagawa zovala zanu ine kunalibe. Mapepala anga anali asanatuluke, ndikanabwera sakanandilolanso kulowa m'dziko muno. Maliro anu ndinangowamvera pa foni, ndipo sindinalandire ngakhale duku. Zimandiwawa mpaka lero.

Mwezi watha ndinadiraiva kupita ku Beech Grove, kufupi ndi Indianapolis, kwa agogo ena achizungu amene ankagulitsa jekete la amuna awo. Bambowo anamwalira chaka chatha, ndipo ana analibe. Chikopa sachapa ndi madzi, ndiye fungo la fodya wa malemuwo linali likadalimo. Nditawafotokozera mwambo wa kwathu, agogowo anandiveka okha jeketelo, n'kukoka zipi mpaka m'khosi ngati ndine mwana wopita kusukulu. Ndalama anakana.

Nanga ndikanangonyamuka bwanji? Paja munkati maliro n'kulirana. Ndinawapempha kuti andionetse pamene anagona bambowo, ndipo tinapitira limodzi. Nditagwada pa manda a munthu amene sindinamuonepo n'kamodzi komwe, misozi imene inakana kutuluka tsiku la foni lija inangoti waa! Ndinalira mokweza, mwakwathu, ndikuitana inu. Agogowo sananditonthoze, anangondigwira phewa mpaka ndinamaliza.

Mapepala akangotuluka ndibwera, Amayi, pamodzi ndi mdzukulu wanu. Ndikulonjeza kuti ndidzagwada pa manda anu enieni, n'kukulirani pamenepo.

Ndine mwana wanu amene amakukondani,
Chikumbutso