Amai abwerera kudimba

Alongo anga,

Ndikhulupirira mwadzuka bwino pamodzi ndi alamu ku Kitweko. Ife kuno ku Sinda tilipo, koma mtima wanga uli m'mwamba.

Chiwapezereni BP kuchipatala, amai tinawalanda khasu n'kuwagoneka pamphasa. Akumpingo ankabwera kudzawazonda, n'kungokhala duu, mitu ili pansi ngati pamaliro. Amai anasiya kudya, anayamba kugawa zitenje zawo.

Lachiwiri kunabwera anzawo aja apagolosale, a Mariyamu. Sanapepese n'komwe. Anangoti, "Inu aNabanda, anyezi wanu akufota kudimba. Mukuti athirire ndani?" Amai anaseka mpaka kutsokomola. M'mawa mwake ananyamuka ndi ndowa. Pano akudya, akugona tulo, mankhwala akumwa osakumbutsidwa, ndipo ayambiranso kutikalipira.

Tsono ndamva kuti mukufuna kudzawatenga akapumule kwanu. Chonde musatero! Pa sofa wanuyo akafota ngati anyezi uja. Mankhwala okha tumizani. Ambuye akusungeni nonse, ndipo mukaimba foni, mawu achisoni aja lekani. Musawafunse za kupweteka kwa mutu, afunseni za anyezi.

Ndine mlongo wanu,
Tisa