A malume anandisudzula pa kanema, koma palibe anamva

Aphungu,

Sindine munthu wolankhulalankhula, koma izi zandikulira. Mkazi wanga Belita anatisiya chaka chatha titangokolola. Ndinakwatira chikamwini kuno ku Nazombe, choncho nyumba ndi munda zili pa malo a kwawo. Mpaka eni mbumba atandisudzula pamaso pa ankhoswe a mbali zonse, sindingadziwe ngati ndikhala ndi ana kapena ndibwerera kwathu ku Chiringa.

Woyenera kulankhula mawuwo ndi a Sitima, malume ake a malemu, koma ali ku Joni ndipo sangabwere msanga. Mayi Gertrude, amene ankaimba kwaya ndi mkazi wanga, amagwira ntchito ku bungwe lina la alimi pa boma. Kumeneko kuli chipinda chochitira misonkhano ya pa kanema, yodzera pa kompyuta yaikulu ya bungwelo ku Blantyre. Anatipemphera kwa abwana awo, ndipo tinapita pa njinga, ine, nkhoswe yanga ndi akuchikazi.

Poyamba zinayenda bwino. A malume anaoneka pa kanema kudzera pa foni yawo ya m'manja, anapereka moni, anagwetsa misozi pang'ono. Mayi Gertrude anatuluka, poti nkhani za banja sizinali zawo. Nkhoswe yanga inayala nkhani n'kufunsa kuti, "Tsono eni ake mukuti bwanji za mkamwini wanuyu?" A malume anangotiyang'ana, milomo ili chitsekere, osaphethira. Tinadikira mwaulemu, chifukwa munthu wamkulu sumufulumiza. Patapita nthawi, azakhali ake a malemu anaimirira n'kumanga chitenje, amvekere, "Mwaonatu, akana. Kapena akudziwa zimene ife sitikudziwa." Anthu anabalalika.

Mawa lake a malume anaimbira nkhoswe yanga ali osangalala. Akuti analankhula zonse, anandimasula, anatinso ndikhale ndilere ana pa munda wa mayi awo. Mayi Gertrude atafunsa akatswiri a ku Blantyre, anawauza kuti vutoli ndi lodziwika kale. Munthu wa kunja kwa bungwe akalowa mu msonkhano pa foni ya m'manja, wina n'kumuimbira pakati, mawu amaduka ndipo chithunzi chimaima, koma makina amaonetsabe kuti alipo. Nayenso kwakeko amaona anzake atakhala phee, n'kumayesa akumvetsera. Zimene makina anajambula tsikulo ndi nkhope yokha, mawu mulibe.

Tsopano a malume akukana kubwereza. Akuti, "Mawu a maliro ndinene kawiri? Mukufuna ndiitane maliro ena?" Azakhali akuti iwo sanamve kanthu. Mvula yayandikira, anzanga alima kale mizere, langa khasu lili pa khonde. Ndikalima, ati ndikulanda munda. Ndikapanda kulima, ana adya chiyani? Ndipo mawu a azakhali aja sakundichoka, ngati kuti ndinamulakwira Belita. Ndithandizeni.

N.T., Nazombe, Phalombe

A N.T.,

Pepani ndi maliro. Tsopano pumani kaye. A malume sanakukaneni, ndi makina amene anakomoka. Inu munalakwa pa chinthu chimodzi chokha: munapereka ulemu kwa chithunzi.

Musapite nokha kukatsutsana ndi azakhali. Mlandu wa inu mwini suyenda pakamwa panu, ndiye ntchito ya nkhoswe imeneyo. Nkhosweyo iwatenge azakhaliwo ipite nawo kwa mayi Gertrude akaonere zojambulidwa zija. Ayang'anitsitse maso a a malume. Palibe munthu wamoyo, ngakhale wokwiya chotani, amene angakhale nthawi yonseyo osaphethira. Akakayikabe, mayi Gertrude alowetse munthu wina pa foni, wachitatu amuimbire, azakhali adzionere okha nkhope ikuuma.

A malume musawakakamize. Mantha awo ndi a chikulu, alemekezeni. Koma mwambo umalola kutuma. Asankhe mng'ono wawo kapena mphwawo wa pamudzi, amuuze pa foni azakhali akumva kuti, "Zimene ndinanena zija, kandinenereni." Kwa iwo si kubwereza, kwa inu ndi kumva koyamba. Mwambowo uchitikire pakhomo pa malemu, anthu akuonana maso ndi maso.

Ngati mudzafunenso kanemayo, yesani kaye musanasonkhanitse akuluakulu. Mayi Gertrude akhale pafupi ndi khomo, pakhalenso foni ina wamba yokweza mawu, ndipo mbali iliyonse iziyankha kuti "tamva" wina akamaliza mfundo.

Chenjezo langa ndi ili: musaike khasu m'mundamo mawuwo asanamveke, komanso musadikire kuti nkhani ikonzeke yokha, poti mvula sidziwa kuti muli pa zokambirana. Tumani nkhoswe sabata ino. Ndipo tsiku lina nkhope ya pa kanema ikadzakhala duu, siyani manyazi, funsani mokweza kuti, "A malume, mulipo kodi?"

Aphungu