Makhadi atatu a a Zuze

Lachinayi, mwezi wa Novembala. Tsiku lonyansa, kutentha kokhakokha, mlamba sunayende malonda.

A Zuze, amene ndinawakongoza K40 chaka chatha kuti agule bwato, abwera pa benchi langa mumsika wa Bangula. Pano ndi atcheyamani a chipani m'dera lathu, ndiye akuvala tayi dzuwa lonseli. Aika K15 pamwamba pa nsomba zanga, kenako makhadi atatu a chipani.

"Mayi, landirani izi, nkhani ya ngongole ithe," atero. "Khadi iyi ndi yanu, iyi ya abambo akunyumba, iyi ya mwana ali m'mimbayo."

Ndangoti ndiyankha Loweruka. Khadi ndili nayo kale, ndipo anandigulitsa ndi iwo omwewo.

Amuna anga akuti ndilandire, chifukwa ukakana za atcheyamani pachipata cha msika sulowanso. Akunena zoona, n'chifukwa chake zikundinyansa. Ndalama zija ndinazipeza ndi utsi wa nsomba m'maso miyezi isanu.

Loweruka mwina ndilandira. Koma mwana wanga sanabadwe n'komwe, ndipo wayamba kale kulipirira a Zuze ngongole.