Moni wa Odessa kwa Ndodo

Lamlungu, 1 Juni

Odessa Pruitt, mtsikana amene ndimamuphunzitsa masewera olumpha ndodo, wadutsa. Tikupita ku Oregon, ku mpikisano wa makoleji a dziko lonse. Chimwemwe mpaka pagalimoto, kenako ndinakumbukira za chaka chatha.

Lamulo ndi lomwe lija. Oyambirira asanu ndi atatu ndiwo amapatsidwa ulemu wa ma All-American a gulu loyamba, dzina pakhoma la sukulu mpaka kalekale. Chaka chatha Odessa anali nambala naini. Msinkhu womwe analumpha unali umodzi ndi wa nambala eyiti, koma mnzakeyo anadutsa ndodo ulendo woyamba, iye wachiwiri. Akafanana, wogwetsa ndiye amatsalira. Chaka chino ndi chake chomaliza.

Lachitatu, 4 Juni

Wayambanso. Msinkhu uliwonse chimodzimodzi: ulendo woyamba ndodo pansi, wachiwiri kuuluka ngati mbalame. Ndamufunsa bwinobwino. Akuti, "Akochi, mnzako sumulumpha usanamupatse moni." Ndati moni ameneyo anatidyera chaka chathunthu. Waseka mpaka kugwera pamatiresi.

Mwana wabwino. Adzandipha.

Lachisanu, 6 Juni

Nzeru yatsopano: moniyo azipatsiratu potenthetsa thupi, oweruza asanayambe kulemba. Wakana. Ndodo ya potenthetsa thupi akuti ndi munthu wina.

Kunyumba mkazi wanga Lorraine wandipeza ndikujambula mapazi a Odessa pakapepala kopukutira m'manja. "Bambo inu, digiri yonse ija n'kumakangana ndi ndodo?" Wandiwonjezera pitsa.

Lachiwiri, 10 Juni, Eugene

Tafika mumzinda wa Eugene, ku Oregon. Nsapato zake ndanyamula ndekha m'ndege, pamiyendo. Kuno mungu wa udzu uli thoo, ndikungoyetsemula. Ndawerenganso malamulo, mwina asintha. Sanasinthe.

Lachisanu, 13 Juni

Odessa wadya zitumbuwa za uchi mbale yodzaza. Ine khofi basi. Ndinakonza mawu ambiri omuuza, koma nditamuona akuvina pamzere wa chakudya ndangoti, "Mawa udzachite zako." Wandigwira pachipumi. "Mukudwala, Akochi?"

Loweruka, 14 Juni



Msinkhu woyamba, ndodo pansi. Anandikwezera dzanja uku akumwetulira. Msinkhu wachiwiri, pansinso. Ndinaluma chipewa. Konseko anadutsa ulendo wachiwiri. Ena anayamba kutuluka mmodzimmodzi. Ndodo itafika pa mafiti sikisi, otsala analipo naini. Naini! Mmodzi yekha wopita kwawo chimanjamanja, ndipo woyamba kulumpha anali wanga.

Anathamanga, anakhota, anakwera. Ndodo inagwedera pang'ono n'kukhala. Ulendo woyamba! Mtsikana wina wa ku Kansas anadutsa pa wachiwiri. Msinkhu wotsatira unawakanika onse awiri, ena aja n'kudutsa.

Nambala eyiti.

Nditamufunsa za moni, akuti, "Ameneyo ndinamupatsa chaka chatha, anandiyankha mwano. Lero sitinalankhulane."

Ataima pansanja ndi kachikho kake anandiloza pamaso pa anthu onse. "Taonani, Akochi akulira!" Ndinati ndi mungu. Mayi ake, amene ndawaona lero koyamba, anandikumbatira mpaka magalasi anga anapindika, n'kumati, "Mungu womwewo wandigwira inenso, mwana wanga."

Ndiyenera kuimbira wolemba mayina pakhoma, ndimuuze kuti Pruitt ali ndi ma t awiri, ndisanaiwale. Odessa akugogoda. Akuti popanda ine sadula keke