Bambo a Lusayo Sanakwere Ndege

Mirrabooka, Perth
Ogasiti 2021

Okondedwa achemwali Emelda,

Ndikhulupirira kuti mwadzuka bwino ku Zombako pamodzi ndi alamu. Kuno matenda sanatikhudze, koma mtima wanga sukukhazikika.

Paja bambo a Lusayo anapita ku Germany malire asanatsekedwe chifukwa cha mliriwu, kukagwira ntchito pa chimakina chozungulira chija. Akuti m'kati mwake mumathamanga tinthu tosaoneka ndi maso. Iwo amaziziritsa tinthuto kuti tiziyenda mothinana, koma tikathinana kwambiri timayamba kunjenjemera, kenako timamwazika n'kukagunda khoma. Chaka chonsechi akulimbana ndi zimenezo.

Mwezi watha mpando wa m'ndege unapezeka, achemwali, pomwe anthu ambirimbiri akuulirira. Ndinachapa ndi makatani omwe, Lusayo naye anauza kalasi yonse kuti adadi akubwera. Ndiye bambo akewo anaimba foni.

"Mayi a Lusayo, sindibwera panopa. Tatsala pang'ono kupeza chomwe chikuyambitsa kunjenjemerako."

"Mwatsala pang'ono, inu ndi ndani?" ndinafunsa.

Anangondifunsa ngati galimoto ndinaikonzetsa.

Masiku ano ndikaweruka kuchipatala ndimangozungulira m'mashopu osagula kanthu. Azimayi akutchalitchi akafunsa ndimangoti ndege zikuvuta. Pali dzina lina la mzimayi lomwe silisowa akamafotokoza za kuntchito, koma zimenezo si zolemba m'kalata.

Amayi musawauze kanthu, mukudziwa BP yawo. Chomwe ndikupempha n'chakuti mukapita kumudzi mukawafunse amalume pambali, ngati ankhoswe amatha kukamba nkhani pa foni.

Ndine mng'ono wanu,
Felesta